Masiku Amene Tinkadikira Wailesi

Mwa zinthu zonse zimene zasinthika m'dziko lino la Inkosi Kanduku chibadwire ine, kuyambira msewu wa phula wochokera ku Blantyre kukafika kuchipata cha Zobue, kufikira sitima ya pamtunda imene masiku ano imadutsa m'boma lathu la Mwanza itasenza malasha a ku Moatize kunka nawo kudoko la Nacala, palibe chimene chalowerera m'kati mwa nyumba ndi kusanduliza makhalidwe a banja koposa ichi, chakuti kale ife ndife tinkadikira wailesi, koma lero wailesi ndiyo idikira ife. Achinyamata adzaiyesa nkhani yaing'ono. Koma ine amene ndinaona mbali zonse ziwiri ndi maso angawa ndinena kuti ndi nkhani yoyenera kuikhalira pansi.

Pamene nyumba youlutsa mawu ya MBC inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, chaka chomwecho chimene dziko lathu linalandira ufulu wodzilamulira, ine ndinali kamnyamata koweta mbuzi, ndipo m'mudzi mwathu monse munali wailesi imodzi yokha, ya malume anga amene anabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Joni. Inkakhala pampando wakewake, yofunditsidwa kansalu koluka, ndipo sinkatsegulidwa wamba, pakuti mabatire anali a ndalama, ndipo akafooka tinkawayanika padzuwa ndi chiyembekezo chakuti apezeko kamphamvu kofikira madzulo. Nthawi ya nkhani ikayandikira, malume ankaitulutsa pakhonde, ndipo wolima ankatsamiritsa khasu, wophika ankaphula mphika usanapse bwino, wochokera kudambo ankafulumiza mapazi, popeza mawu a pawailesi akadutsa adutsa, ndipo panalibe mfumu kapena nduna imene ikanawaitana kuti abwerere. Makamaka pa mauthenga a maliro anthu ankakhala chete wa mantha, chifukwa munthu wochedwa pang'ono chabe akanatha kugona osadziwa kuti mbale wake watsikira kulichete kuchipatala cha Gulupu, ndi kuti mwambo wonse uli mawa.

Tsono popeza kunalibe makina osunga mawu, anthu ndiwo anali osunga ake. Agogo akadwala nyamakazi ankatuma mwana kuti, “Pita ukamvere, udzandiuze,” ndipo mwanayo ankamvera ndi makutu a anthu awiri, podziwa kuti akabwerera wopanda kanthu achita manyazi. M'mawa mwake, pachitsime ndi m'minda ya nachesi, sewero la Kapalepale linkaseweredwanso ndi pakamwa pa amene analimva, ndipo ndikumbukira mayi wina wa m'mudzi mwathu amene ankatha kubwereza sewero lonse, kusintha mawu pa munthu aliyense wa m'seweromo, kufikira amene sanalimve ankaseka koposa amene analimva. Nzoona kuti nkhani inkakula panjira, ndipo mbuzi imodzi yobedwa ku Zomba inkafika kwathu zili zitatu. Komabe m'kubwerezabwereza kumeneko tinaphunzira kumvetsera, kusunga ndi kulongosola, ndipo pamene ndinadzakhala mphunzitsi ndinapeza kuti ana oleredwa motero sankavutika kufotokoza zimene awerenga.

Ndipo nkoyenera kuti ife a ku Mwanza tisaiwale kuti mitima ya anthu inasunga ngakhale zimene wailesi sinanene. M'mwezi wa May 1983, nduna zitatu za boma, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo a David Chiwanga, anapezeka atafa kumsewu wa ku Thambani m'boma lathu lomwe lino, ndipo dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Panalibe makina amene anajambula za usiku umenewo. Koma anthu ananong'onezana, nasunga, nakhala nazo zaka khumi ndi kuposerapo, kufikira bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1994 linatsimikiza kuti anthuwo anachita kuphedwa.

Za makaseti sindichulukitsa mawu. Anadza m'masiku a unyamata wanga, ndipo ndiwo anayamba kutilawitsa mphamvu yogwira mawu ndi kuwabweza, ngakhale nyimbo yojambulidwa pawailesi inkatuluka yoduka mutu, muulutsi atalankhulamo pakati. Pambuyo pake, m'zaka zimene abale athu a ku Mozambique ankathawira kuno nkhondo ya kwawo, kuboma ndi kuchipata kunabuka tinyumba ta mavidiyo, momwe anyamata ankalipira matambala kuti aonere zithunzi za nkhonya. Koma kanema wa dziko lathu kunalibe. Anzathu a ku Zambia anali naye kuyambira 1961, pamene ife m'ulamuliro wonse wa Dr. Kamuzu Banda tinakhala opanda, kufikira Television Malawi inatsegulidwa m'chaka cha 1999, m'nthawi ya a Bakili Muluzi. Ngakhale pamenepo, kuno kumapiri chithunzi chinkabwera ndi mchenga wokhawokha, ndipo mnyamata ankaimirira panja kupotoza nsungwi ya eriyo, a m'nyumba akufuula kuti, “Pomwepo! Wapitirira!” Kanemayonso anali ndi nthawi yake yosasunthika, ndipo tsiku la Tikuferanji kapena la mpira wa Flames nyumba imene inali naye inkadzaza kufikira pawindo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mwana wanga wamwamuna amene agwira ntchito ku Johannesburg, pofuna kutonthoza ukalamba wathu ine ndi mayi ake, anatibweretsera dikoda yojambula, natikhomera mbale padenga. Mbaleyo imalandira zithunzi kuchokera ku setilaiti imene ili kumwamba pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo m'kati mwa dikodayo muli chosungira, kotero kuti munthu angathe kuiuza kuti, pologalamu yakutiyakuti ikadzayamba undisungire, iye napita kumaliro kapena kumsonkhano wa mpingo, ndipo pobwera aipeza ili yonse, naionera, naiimitsa mlendo akagogoda, naibweza pamene sanamve bwino. Ndi nkhokwe ndithu, yoti munthu akolole pa nthawi ya zokolola ndi kudya pa nthawi ya njala yake. Kampani ya MultiChoice, imene inayambitsa DStv m'chaka cha 1995, inatulutsa dikoda yake yoyamba yojambula m'chaka cha 2005, ndi ina yotchedwa Explora m'chaka cha 2013. Ndipo m'zaka zomwezo dziko lathu linali pakalikiliki kusamukira ku maulutsidwe a dijito, amene anatibweretsera dikoda ya Kiliye Kiliye.

Ndinayesa kuti zodabwitsa zathera pamenepo, koma mdzukulu wanga wamkazi, atabwera kutchuthi kuchokera kusukulu ya ukachenjede, anati dikodayo ikugwira theka la ntchito yake, pakuti kujambula kuchokera kumbale sikulira intaneti, koma dikoda ikalumikizidwa ku intaneti imathanso kukatenga zimene zinaulutsidwa kale mwini wake ataiwala kuzijambula, ndi zina zambiri zimene sizinadutse n'komwe pambale. Anabwera ndi kabokosi kotchedwa rauta, kamene amaikamo simukhadi monga mwa foni. Kameneka kamakoka netiweki kuchokera kunsanja ya kampani ya mafoni ndi kuimwaza m'nyumba popanda waya, ndipo kumwaza kumeneku ndiko amati Wi-Fi. Kumbuyo kwa dikoda anabayako kachipangizo kolandirira, pachibowo cha USB, nayamba kufufuza ndi rimoti dzina la rauta yathu.

Ntchitoyo sinayende msangamsanga, ndipo ndinakondwa kuona kuti mwana wa masiku ano adziwa kudekha. Rauta inkafuna kukhala pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja, pakuti kuno kufupi ndi malire mapiri amatchinga, ndipo nthawi zina foni imasiya netiweki ya kwathu ndi kugwira ya ku Mozambique. Koma kanema ali pabalaza, ndipo pakati pa ziwirizi pali makoma awiri a njerwa zootcha, amene amafooketsa mphamvuyo. Anandifotokozera kuti rauta zambiri zimaulutsa panjira ziwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz, ndi kuti yachiwiriyo ndi yothamanga koma siboola makoma bwino, pamene yoyambayo ndi yodekha koma ifika patali. Chotero anasankha yoyambayo, naikweza rautayo pamwamba pa kabati, kutali ndi zitsulo, nanena kuti zikadzavuta ndithu tidzagule waya wolumikiza rauta ndi dikoda, popeza waya sasamala za khoma. Kenaka anati:

“Agogo, tsopano pafunika mawu achinsinsi. Alembedwa pansi pa rautayi, koma ndiwasintha, ndipo muwasunge bwino. Chilembo chachikulu chikhale chachikulu, chaching'ono chikhale chaching'ono, apo ayi ikana.”

“Nanga chinsinsicho tikubisira yani, mwana wanga?”

“Tikubisira odutsa m'njira ndi oyandikana nafe, agogo, kuti angatithere bandulo.”

Mawu amenewa anandikhala pamtima masiku ambiri, ndipo mwanayo sanalakwe, pakuti ananena zoona zokhazokha. Wailesi ya malume inkadya mabatire ofanana, kaya omvera ndi awiri kaya ndi mudzi wonse, ndipo chifukwa cha ichi kuitana anansi sikunkasaukitsa munthu. Koma intaneti imagulidwa moyeza, ndipo aliyense wolowapo ndi foni yake amatapako. Ola limodzi la kanema limatha kudya gigabaiti imodzi, ndipo chithunzi chikakhala chowala kwambiri limadya kufikira zitatu. Motero chipangizo chimenechi, mwa chibadwa chake, chiphunzitsa mwini nyumba kutseka pakhomo, ngakhale iye atakhala munthu wa mtima wopatsa. Ndiponso tisadzinamize: mabanja ochuluka a kwa Kanduku alibe magetsi, ndipo ndalama ya nachesi, ya nandolo kapena ya mbatata ili ndi ntchito zina zoyamba, feteleza ndi fizi, isanafike pa kulipira dikoda mwezi ndi mwezi ndi kugulanso bandulo pamwamba pake. Ngakhale ife a magetsi tinaona m'chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire, kuti dikoda yopanda moto sijambula kanthu, ndipo amene anali ndi sola ndi batire ndiwo anapitiriza kuonera.

Sindidzakhala wosayamika. Makutu anga alemera, ndipo kubweza mawu a muulutsi kuti ndimvenso ndi chifundo chachikulu kwa nkhalamba. Mayi a kunyumba, amene moyo wawo wonse nthawi ya nkhani inkawapeza kumoto, tsopano amaonera mapemphero ndi makwaya pa nthawi imene iwo afuna, ndipo ndi pamenepa ndinazindikira kuti lamulo lakale lija la kudikira wailesi linkakomera ife amuna, amene tinali ndi mpata wokhala pansi, koposa akazi amene ankatiphikira. Ichi chokha chikwanira kundiletsa kunena kuti zakale zonse zinali zabwino.

Komabe chimene ndiona chikuzilala ndi msonkhano uja. Popeza aliyense angaonere nthawi iliyonse, palibenso nthawi imene ili ya tonse. Ndipo zidzukulu zikabwera, Wi-Fi yomweyo imene idyetsa dikoda idyetsanso mafoni awo, kotero kuti anthu asanu akhala m'nyumba imodzi, wina pa YouTube, wina pa Facebook, wina pa TikTok, aliyense akuseka yekha zimene mnzake sanazione. Palibenso wotumidwa kukamvera kuti adzauze ena, ndipo luso lija lobwereza nkhani likutha chifukwa chosowa ntchito. Kwathu ndinaikapo lamulo lofatsa, lakuti zimene tajambula m'kati mwa sabata tizionera pamodzi Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, khomo lili lotsegula kwa anansi, pakuti kuonera pakanema mmodzi sikuonjezera mtengo ngakhale anthu atadzaza. Ndipo tikatha timakambirana, ana nafotokoza zimene amva. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nkhani ya dziko, kaya ya bajeti kaya ya chisankho, munthu saimvetsa bwino ali yekha.

Chinanso chimene tiyenera kuchidziwa ndi chakuti zosungidwa m'makina amenewa si zathu kwenikweni. Zimatseguka pamene munthu walipira, ndipo zimadalira mapangano a anthu akutali amene sitiwaona. M'chaka cha 2023, pamene MultiChoice ndi bungwe la MACRA anasemphana pa nkhani ya mitengo, kampaniyo inalengeza m'mwezi wa August kuti ikuchotsa DStv m'Malawi, ndipo panapita miyezi nkhaniyo ili kubwalo la milandu zinthu zisanabwerere m'malo mwake. Ambiri anaphunzira pamenepo kuti dikoda ndi yawo, koma kiyi wake ali ndi ena.

Ndipo pamene mdzukulu wanga anandionetsa zonse zimene dikoda yolumikizidwa ingathe kukatenga, ndinaona mafilimu a ku America, masewero a ku Nigeria ndi ku South Africa, mpira wa ku England wosawerengeka, koma za m'chilankhulo chathu zinali zochepa zedi, ndipo za makolo athu sindinazipeze. Apa ndipo pali pempho langa kwa akuluakulu a MBC ku Chichiri, ndi kwa a Zodiak, a Times ndi nyumba zina zoulutsa mawu zimene zabadwa m'masiku a ufulu wolankhula. Matepi onse amene akadalipo, a nyimbo za m'maboma, a masewero, a nthano, a magule monga ngoma yathu ya Angoni, ndi a mawu a akuluakulu amene anapita, asamutsidwe msanga chinyezi ndi chiswe zisanawamalize, ndipo aikidwe pamalo pamene mwana wa kwa Kanduku angawafikire ndi bandulo yotsika mtengo. Ife amene tinazimva ndi makutu athu tatsala ochepa, ndipo tikadali okonzeka kuthandiza kutchula maina a oimba ndi a midzi yawo, ngati mudzatifunsa tikadali moyo.