Khomo la kuseri

Mayi wina wa ku Waterfalls, mu Harare, ndi msungichuma wa bungwe la maliro la mbadwa za ku Malawi. Zopereka za mamembala amazilemba pa kompyuta ya Apple, ndipo ankakhulupirira kuti mawu ake achinsinsi ndi loko wokwanira.

Mu Novembala 2017 kunamveka kuti pa macOS High Sierra, aliyense wolemba dzina loti "root" popanda mawu achinsinsi ankatha kutenga ulamuliro wonse, ngakhale kufufuta kaundula. Mawa lake Apple inatulutsa pulogalamu yotseka khomolo.

Mayiyo anaiika msangamsanga. Kuyambira pamenepo sazengereza kompyuta ikapempha kukonzedwa, ndipo kaundula amamukoperanso m'buku, pakuti namfedwa sangauzidwe kuti dzina lake lasowa.