Maso Awiri, Madola 850,000

M'chaka cha 2017 dziko la America linavomereza Luxturna, mankhwala a ana obadwa ndi jini ya RPE65 yowonongeka. Jini yake si chiwanda ayi, ndi kalangizo ka chibadwa. Ikalephera, mwana amavutika kuona kukada, kenaka khungu limadza. Madokotala amabaya m'diso kachilombo kosavulaza konyamula jini yabwino. Jean Bennett ndi Albert Maguire anayesa kaye pa agalu akhungu, ndipo anapenya.

Aphunzitsi anzanga ena amati uku n'kusintha chilengedwe cha Allah. Ine ndimati n'kuchiritsa, pakuti chokonzedwa ndi diso la wodwalayo, osati mbewu yake. Chondisowetsa tulo ndi mtengo: m'chaka cha 2018 unali madola 850,000 maso awiri. Ndikaona mwana m'madrasa akuyandikitsa buku kumphuno, ndimadziwa kuti ngakhale matenda ake atakhala omwewa, makolo ake sangayerekeze n'kufunsa komwe.