Masiteshoni awiri, mzinda umodzi: mbiri ya njanji ya Limbe ndi Blantyre

Mlendo wofika ku Limbe m'mawa amalandiridwa ndi phokoso la maminibasi, mfuu ya oitanira ndi chigulu cha anthu othamangira kuntchito. Ochepa okha ndi amene amaponya maso kusiteshoni ya sitima ya pamtunda, ngakhale ili pafupi ndi masitolo amene amagulamo tsiku ndi tsiku. Komatu siteshoni imeneyi ndiyo inabereka Limbe. Njanji isanafike, tawuniyi kunalibe.

Kutsetserekera kumadzulo, pafupi ndi depoti ya mabasi ya Wenela, kuli siteshoni inzake ya Blantyre. Masiteshoni awiriwa atumikira mzindawu kwa zaka zoposa 100, ndipo mbiri yawo ili ndi phunziro kwa alimi ndi onse ogwira ntchito za chitukuko m'chigawo chino cha Africa. Njanjiyi inamangidwa kuti izinyamula katundu wa makampani kupita kunyanja ya mchere. Anthu wamba anachita kudzipezera okha malo m'sitimamo, ndipo njanji itaduka, iwowo ndi amene anamva kuwawa kwambiri.

Nthawi ya amtengatenga

Blantyre inayamba m'chaka cha 1876 ngati mishoni ya mpingo wa ku Scotland. Patangopita zaka ziwiri kunafika kampani ya zamalonda ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala. Masiku amenewo katundu yense wochokera kunja ankalowera pamathiriro a mtsinje wa Zambezi, n'kukwera ndi sitima za pamadzi mumtsinje wa Shire mpaka cha ku Chikwawa. Kuchokera pamenepo njira yake inali mutu wa munthu. Amtengatenga ankasenza nsalu, mchere, zitsulo ndi mabokosi kukwera mtunda wonse kukafika ku Blantyre, ndipo pobwerera ankatsika ndi matumba a khofi.

Ntchitoyi inkadya anthu zikwizikwi chaka chilichonse. Eni minda ikuluikulu ankadandaula kuti anthu amene akanalima m'maesiteti awo akuthera pamsewu. Mtsinje wa Shire nawo unayamba kuphwa, moti m'chilimwe sitima zinkatitimira mumchenga. Pa zifukwa zimenezi, m'chaka cha 1895 kunakhazikitsidwa kampani ya Shire Highlands Railway. Ntchito yoyala njanji inayamba m'chaka cha 1903, ndipo pofika 1908 sitima inkayenda mtunda wa makilomita 182 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, mpaka ku Blantyre. Tiinjini tiwiri toyambirira tinapatsidwa maina akuti Thistle ndi Shamrock. Wofuna kuona mmene injini zamakedzana zinkaonekera angathe kupita kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri, komwe zina zinaimikidwa pabwalo.

Mmene Limbe inabadwira

Sitima yochokera kuchigwa cha Shire inkakwera motsata mtsinje wa Ruo, kudutsa ku Luchenza, ndipo inkayamba yafika ku Limbe isanatsetserekere ku Blantyre. Apa ndi pamene akuluakulu a njanji anamanga likulu lawo, nyumba zokonzeramo injini ndi mabogi, komanso malo osungira katundu. M'chaka chomwecho cha 1908 kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ya fodya pafupi ndi njanjiyo. Amwenye anamanga masitolo, anthu ofuna ntchito anabwera kuchokera ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ngakhalenso ku Mozambique, ndipo tawuni inamera. Msika wa fodya wa okushoni unatsegulidwa ku Limbe komweko m'chaka cha 1938. Ogwira ntchito kunjanji anamangiridwa nyumba ku Mpingwe, ndipo mabanja ambiri a ku Limbe ali ndi gogo amene anali wokonza injini, woponya malasha pamoto kapena woyang'anira njanji.

Kwa zaka zambiri Blantyre ndi Limbe anali matawuni awiri osiyana, iliyonse ndi khonsolo yake. Anaphatikizidwa m'chaka cha 1956. N'chifukwa chake mpaka lero mzindawu uli ndi mitima iwiri, misika ikuluikulu iwiri ndi masiteshoni awiri. Pakati pa masiteshoniwa njanji imadutsa m'dera la mafakitale, ndipo timanjanji tating'ono tinkapatuka kulowa m'mipanda ya makampani kuti mabogi azipakiridwa pakhomo penipeni.

Ulendo wofunafuna nyanja

Njanji yothera ku Nsanje sinathetse vuto, chifukwa madzi a mu Shire anapitirira kuchepa. Kampani ina, ya Central Africa Railway, inaitalikitsa ndi makilomita 98 kukafika ku Chindio m'mphepete mwa Zambezi cha m'ma 1914. M'chaka cha 1922 njanji ya Trans-Zambezia inalumikiza tsidya lina la mtsinjewo ndi Dondo, pafupi ndi doko la Beira. Komabe katundu ankatsitsidwa m'mabogi, kuwolotsedwa pamadzi, n'kupakiridwanso kutsidya. Ntchito yobwerezabwerezayi inatha m'chaka cha 1935 pomwe unatsegulidwa mlatho wa Dona Ana, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, pakati pa Sena ndi Mutarara. Chaka chomwecho njanji yochokera ku Blantyre kulowera kumpoto inafika ku Salima, kudzera ku Balaka ndi padoko la Chipoka panyanja ya Malawi.

Mlathowo unali wotamandika, koma ngongole zomangira njanjizi zinakhala goli pakhosi pa dziko losauka la Nyasaland. Ndalama za msonkho zimene zikanamanga sukulu, zipatala ndi misewu ya kumidzi zinkapita kukalipira chiwongoladzanja. Mitengo yonyamulira katundu inalinso yokwera. Tiyi ndi fodya, zomwe zimagulidwa ndalama zambiri, zinkatha kupirira mitengoyo, pomwe chimanga ndi mbewu zina za alimi ang'onoang'ono zinkalephera kubweza ndalama ya ulendo. Choncho mlimi wa kumudzi ankathandiza kulipira njanji kudzera mumsonkho, koma phindu lake lalikulu linkapita kwa eni maesiteti.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, boma linafuna khomo lachiwiri lotulukira kunyanja. M'chaka cha 1970 inatsegulidwa njanji yochokera pa Nkaya, kumwera kwa Balaka, kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, komwe inalumikizana ndi ya ku doko la Nacala. Ndi thandizo lochokera ku Canada, njanji ya ku Salima inafika ku Lilongwe m'chaka cha 1979 ndipo kenaka ku Mchinji. Zonsezi zinkayendetsedwa kuchokera ku Limbe.

Sitima ya anthu wamba

Ngakhale njanji inamangidwira katundu, anthu sanachedwe kuigwiritsa ntchito. M'nthawi ya atsamunda azungu ankakwera mabogi awoawo, ndipo anthu akuda ankapanikizana m'mabogi a mipando ya matabwa. M'mabogi amenewa ndi mmene munadutsa ena mwa amuna opita kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia: ankatsika ndi sitima kukafika ku Dondo, n'kusinthira ina yopita ku Umtali ndi Salisbury, komwe lero ndi ku Mutare ndi Harare. Ena anabwerera ndi njinga ndi makina osokera, ena anatchona, ndipo zidzukulu zawo zili ku Zimbabwe mpaka lero. Dzina la depoti ya Wenela nalonso ndi chikumbutso cha nthawiyo, pakuti linachokera ku bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa.

Amene anaikonda kwambiri sitima ndi alimi a m'masiteshoni ang'onoang'ono. Kummwera kwa Limbe, njanji imadutsa m'madera a Khonjeni, Sandama, Thekerani, Sankhulani ndi Makhanga, komwe kuli zitunda ndi zigwembe, ndipo misewu yake imavuta mvula ikagwa. Kwa anthu a kumeneko sitima inali basi, lole ndi ambulansi nthawi imodzi. Mikoko ya nthochi, nzimbe, chinangwa, mbatata ndi nandolo zinkakwera kupita kumsika wa Limbe. Nsomba zouma za m'dambo la Elephant Marsh zinkakwerera kuchigwa. Pobwerera mabogi ankadzaza ndi feteleza, malata, sopo, mchere ndi palafini. Tsiku la sitima linali tsiku la msika. Amayi ankayala malonda m'mbali mwa njanji, ndipo ndalama ndi zakudya zinkadutsa pawindo sitima isananyamuke.

Ubwino wake unali woti mlimi sankafunika kukhala ndi katundu wodzaza lole. Wa matumba atatu ankakwera nawo yekha, kukagulitsa yekha, n'kubwerera ndi ndalama yake yonse. Kumpoto kwa Blantyre zinalinso chimodzimodzi kwa anthu a ku Lirangwe, Utale ndi Nkaya.

Nkhondo ndi madzi osefukira

Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inatseka makomo onse awiri. Sitima za ku Beira zinasiya kuyenda m'chaka cha 1983, za ku Nacala m'chaka cha 1984, ndipo mlatho wa Dona Ana unaphwanyidwa m'chaka cha 1986. Katundu wa dziko la Malawi anayamba kuyenda pamalole kudzera ku Durban ndi ku Dar es Salaam, maulendo aatali amene anakweza mtengo wa feteleza, mafuta ndi china chilichonse chochokera kunja. Kampani ya Malawi Railways inataya gawo lalikulu la ndalama zake, ndipo kukonza njanji ndi mabogi kunayamba kutsalira. Mtendere utabwera m'chaka cha 1992, amalonda ambiri anali atazolowera kale malole.

Tsoka lina linagwa m'chaka cha 1997. Madzi osefukira anakokolola njanji pakati pa Chiromo ndi Bangula, pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire. Kuyambira pamenepo sitima yochokera ku Limbe inkathera pa Makhanga, ndipo Bangula ndi Nsanje, komwe njanjiyi inayambira, anatsala opanda sitima. M'chaka cha 1999 boma linapereka ntchito yoyendetsa njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Sitima za anthu zinachepa, moti m'zaka zotsatira inkanyamuka ku Limbe kamodzi pa sabata kupita ku Makhanga, ndi kamodzinso kupita ku Balaka ndi Nayuchi. Kenaka chigumula cha mu Januwale 2015 chinawononganso njanji ya kummwera m'malo ambiri. Paja akuluakulu amati madzi saiwala khwawa.

Kwa wokhala mumzinda, kusowa kwa sitima kunangotanthauza kukwera mtengo kwa nthochi ndi nsomba. Kwa mlimi wa ku Sankhulani kunatanthauza kudikira mavenda obwera ndi galimoto, amene amatchula okha mtengo podziwa kuti mwini mbewu alibe kolowera. Wodwala amene ankakwera sitima kupita kuchipatala anayamba kunyamulidwa panjinga. Zimenezi sizilembedwa m'mabuku a ndalama a kampani ya njanji, chifukwa mabukuwo amawerenga matani a katundu.

Njanji ikudzuka, koma ikudzukira yani?

M'zaka zaposachedwapa njanji yayambanso kukumbukiridwa. Ya ku Mchinji inalumikizidwa ndi Chipata ku Zambia m'chaka cha 2010. Kampani ya migodi ya Vale inamanga njanji yatsopano yochokera kumigodi ya malasha ya ku Moatize, kudutsa m'dziko la Malawi kukalumikizana ndi yakale pa Nkaya, n'kupitirira ku Nacala. Njanji imeneyi inalambalala Blantyre ndi Limbe, ndipo masitima ake ataliatali amanyamula malasha. M'chaka cha 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika ku Marka, m'malire a boma la Nsanje, patatha zaka 41. Sinathe kupitirira mpaka ku Limbe chifukwa njanji ya kutsogolo inali isanakonzedwe.

Zonsezi ndi nkhani yabwino pachuma cha dziko. Koma wodziwa mbiri aona kuti maganizo a 1908 akubwereranso: malasha, mafuta ndi katundu wa makampani ndiye ali patsogolo. Mumzinda wa Blantyre, momwe kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000, njanji imadutsa pafupi ndi mafakitale ndi malokeshoni, koma ogwira ntchito amapanikizana m'maminibasi mumsewu wa Masauko Chipembere, ndipo ambiri amayenda wapansi m'mbali mwa njanji yomweyo.

Apa ndi pamene pali ntchito ya makomiti a chitukuko a m'midzi ndi m'madera, makalabu a alimi ndi alangizi. Mgwirizano wa boma ndi kampani yoyendetsa njanji ukamakambidwa, kapena gawo lina la njanji likamakonzedwa, mafunso a anthu akumudzi ayenera kufika kukhonsolo ndi kwa aphungu nthawi isanathe. Kodi sitima ya anthu iziyenda kangati pa sabata? Iziima pamasiteshoni ati? Kodi padzakhala bogi la katundu wa alimi ang'onoang'ono, ndipo thumba limodzi lizilipiridwa ndalama zingati? Alimi a m'kalabu imodzi akasonkhanitsa mbewu zawo n'kudzaza bogi, kampani imawamvera msanga kusiyana ndi munthu wa matumba atatu.

Anthu okhala m'mbali mwa njanji ali ndi mbali yawonso. Kuzula zitsulo n'kukagulitsa, kutapa miyala ya panjanji ndi kulima mpaka m'mphepete mwake kumafupikitsa moyo wa njanjiyo. Mitengo ikatha m'mapiri a Thyolo ndi Mulanje, madzi amatsika mwaukali mu Ruo ndi mu Thuchila, ndipo amene amayamba kukokoloka ndi milatho.

Siteshoni ya Limbe idakalipo, ndipo njanji zake zikulozabe mbali ziwiri, kumpoto ku Nkaya ndi kummwera ku Makhanga. Mlimi wa ku Thekerani sanafunsidwe pomwe njanji inkayalidwa koyamba, komanso sanafunsidwe pomwe sitima inkasiya kuima pamudzi pake. Pamene mapulani okonza njanji ya kummwera akukambidwa, ino ndi nthawi yoti mawu ake amveke.