Namzeze Savala Chitsulo

Ambiri a ife masewera a Dungeons & Dragons tidawadziwira pa YouTube kapena mu Stranger Things, n'kumaganiza kuti ndi za ana a kunja okhala ndi zidole zodula. Chonsecho salira zambiri: pepala, pensulo, anthu anayi kapena asanu, ndi madayisi. Ife kuno ku Likangala madayisi ake timagubuduza a pafoni, ndipo malamulo oyambira tidawatenga ulere pa intaneti. Masewerawa adawatulutsa Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America mu 1974, koma ife timatsata malamulo a 2014.

Kwa amene sanawaonepo, ali ngati nthano ya agogo, kungoti omvera sangoyankha kuti "tili tonse". Aliyense amakhala ndi mtengambali wake, amamupatsa dzina, mbiri ndi zida, n'kumanena zomwe akuchita. Wosimba nthano amanena zomwe zatsatira, ndipo pomwe pali chikayiko dayisi ya mbali 20 ndiyo imagamula. Pagulu lathu wosimba ndine. Timakumana Lamlungu masana pakhonde: asuweni anga awiri, mnzanga wina, ndi mng'ono wanga wa Fomu 3. Amayi poyamba adafunsa kuti, "Kodi si juga imeneyi?" Ataona kuti palibe ndalama ikusintha manja, adatisiya, bola mpunga ukhale utaanulidwa.

Mng'ono wangayu ndi wochepa thupi komanso wosayankhulayankhula. Tsiku lopanga atengambali, anyamata onse adathamangira asilikali ovala chitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Msuweni wamkulu adamuuza kuti, "Iwe ukhale sing'anga, uzitichiza tikavulala." Iye adangoti, "Ayi achimwene, ine ndikufuna lupanga." Ankafuna mtsikana wa lupanga lowonda, wosavala chitsulo, woti adani azimuphonya chifukwa cha changu chake. Adamutcha Namzeze, dzina la kambalame kothamanga kaja.

Kupanga munthu wotere kumayamba ndi kuvomera kuti sungakhale nazo zonse. Malamulo amakupatsa manambala asanu ndi limodzi: 15, 14, 13, 12, 10 ndi 8. Umawagawa pa mphamvu, changu, kupirira kwa thupi, nzeru za m'mutu, kuzindikira ndi chikoka. Iye adaika 15 pa changu, 14 pa kupirira, 13 pa chikoka, ndipo 8 adaiponya pa mphamvu. Poti Namzeze ndi munthu wamba, osati mtundu wina wa zolengedwa za m'nthano, nambala iliyonse imakwera ndi 1. Changu chidafika pa 16, zomwe zimawonjezera 3 pa dayisi nthawi iliyonse akachita chinthu cholira changu.

Anyamata adaseka ataona mphamvu zake. Koma apa ndi pomwe pagona luso. Lupanga lowonda lotchedwa rapier, malamulo amalola kulimenyetsa ndi changu m'malo mwa mphamvu, ndipo limavulaza ndi dayisi ya mbali 8, chimodzimodzi lupanga lalitali la msilikali akaligwira ndi dzanja limodzi. Changu chomwecho chimakweza chitetezo, chimathandiza kuyamba kusuntha nkhondo ikabuka, kuzemba mwakachetechete ndi kuchita chipidigoli. Nambala imodzi ikugwira ntchito zisanu. Ukaipa dziwa nyimbo.

Komabe walira mvula walira matope. Mtengambali aliyense ali ndi nambala ya chitetezo, yomwe mdani ayenera kuifika kuti amukhudze. Chovala cha chikopa chimapereka 11, kuphatikiza 3 wa changu, ndiye 14. Namzeze atapeza ndalama 45 zagolide za m'nthanomo adagula chikopa chokhomedwa tizitsulo, n'kufika pa 15. Msuweni wathu, ndi malaya ake a unyolo ndi chishango, adayambira pa 18. Tiwerengere limodzi. Kamdani wamba ngati goblin kamawonjezera 4 pa dayisi yake. Kuti kakhudze Namzeze kamafunika 11 kapena kuposa, kutanthauza kuti pa maulendo 20 kamugunda 10. Kuti kakhudze msuweni kamafunika 14, maulendo 7 okha. Onjezani apo kuti Namzeze adayamba ndi moyo wa mapointi 10 basi. Kumugunda kawiri bwinobwino, wagwa, ndipo dayisi ikakana, mtengambali yemwe mwana wamujambula ndi kumulembera mbiri masabata angapo wafa, osabwereranso.

Ndiye munthu wopepuka saima malo amodzi n'kumasinthana nkhonya. Apa mng'ono wanga adayenera kusankha pakati pa magulu awiri. Fighter ali ndi moyo wochulukirapo ndipo akhoza kuwonjezera 2 pa bala lililonse ngati akumenya ndi lupanga limodzi. Rogue ndi wofewa, koma akafika pa levulo 2 amatha kumenya n'kuchoka pomwepo mdani osamubwezera, pomwe ena ambiri akatembenuka kuti athawe amalandira chikwapu chakumsana. Iye adasankha Rogue. Adati, "Achemwali, ine sindikufuna kupirira, ndikufuna asandipeze."

Chomwe chidasintha tebulo lathu ndi lamulo lina laling'ono. Rogue amawonjezera dayisi ya mbali 6 pa bala lake ngati mdaniyo ali moyandikana ndi mnzake wa gulu. Mwachidule, Namzeze amaluma kwambiri pamene msuweni wa chitsulo uja waima kutsogolo n'kumalandira mikwingwirima. Anthu awiri omwe adayamba ndi kunyozana adapezeka kuti wina popanda mnzake sapita patali. Pano msuweni amachita kufunsa kuti, "Ndiime pati, iwe?" ndipo mwana yemwe kunyumba mawu ake timachita kuwasaka ndi amene amajambula mapulani a nkhondo kuseri kwa katoni.

Mbali yanga ngati wosimba ndi kupereka dziko lomwe kupepuka kuli ndi phindu. Mabuku a masewerawa adadzaza ndi nyumba zamiyala za mafumu a ku Ulaya, koma ine sindidaone chifukwa chobwerekera. Nthano yathu ili pa nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, yozunguliridwa ndi bango ndi njedza, yokhala ndi chilumba pakati. Aliyense wa kuno adziwa kuti ndikunena Chilwa, ndi Chisi chake, ndi doko longa la Kachulu. Muli timisasa toyandama ngati zimbowera za asodzi, muli minda ya mpunga ndi ngalande zake ngati za ku sikimu, muli ndi chaka chomwe madzi adathawa n'kusiya mabwato pamatope ong'aluka, monga tidaonera mu 2018 ndi monga akulu amasimbira za 1995.

M'dziko lotere malaya a unyolo, omwe malamulo amati amalemera makilogalamu pafupifupi 25, ndi katundu. Chikopa cha Namzeze ndi makilogalamu 6. Wovala unyolo akafuna kuzemba amagubuduza dayisi kawiri n'kutenga nambala yaing'ono, chifukwa chitsulo chimalira. Tsiku lina gulu lidafunika kukalanda ukonde wobedwa pa chimbowera cha achifwamba usiku. Ndidawauza kuti bwato likagubuduzika, wovala chitsulo avutika kusambira kuposa anzake. Aliyense adakhala chete, chifukwa tonse tikudziwa momwe matope a Chilwa amagwirira mwendo. Adapita ndi Namzeze yekha, anyamata n'kudikira m'bango. Adabwerako ndi ukonde, moyo utatsala mapointi 3, manja a mwini wake akunjenjemera pafoni.

Agogo aamuna, omwe amakhala chapatali n'kumasoka ukonde wawo weniweni, ndi amene adatikumbutsa kuti wankhondo wopepuka si wachilendo kuno. Adati, "Inu ana, Angoni ankavala chitsulo ngati?" Zoona, Angoni a Maseko, omwe nkhondo zawo zidafika mpaka dera la Zomba m'zaka za m'ma 1880, ankadalira chishango cha chikopa cha ng'ombe, nthungo, chibonga ndi miyendo yawo. Chiyambire tsiku limenelo Namzeze ali ndi mbiri yatsopano: lupanga lake adalipeza kwa amalonda ochokera kunyanja yamchere, koma kaimidwe adaphunzira kwa agogo ake.

Ngati mukufuna kupanga wanu, zomwe taona patebulo lathu ndi izi. Changu chikhale patsogolo, kupirira kutsatire, chifukwa tsiku lina dayisi idzakukanani ndithu. Pa levulo 4 kwezani changu kufika 18, ndipo chikadzafika 20 chitetezo chanu chidzakhala 17, kungotsala pang'ono kufanana ndi wa chitsulo. Muzifunsa wosimba zomwe zili pamalopo: mtengo, denga, chingwe, bwato, chilichonse chokwera kapena chobisalako. Osayamba ndewu pabwalo poyera muli nokha. Ndipo mtengambali wanu mum'patse chifukwa chokanira chitsulo, kaya ndi umphawi, kaya ndi mwana wa msodzi woopa kumira, kuti asangokhala manambala papepala.

Namzeze pano ali pa levulo 4. Akafika pa 5 adzatha kuchepetsa ndi theka bala limodzi lomwe waliona likubwera, koma kuti afike kumeneko ayenera kuwoloka nyanja youma masana, popanda bango lobisalamo, achifwamba ali pambuyo. Anyamata akuti adikire mvula. Mwini wake wakana, akuti ali ndi pulani, ndipo sakundiuza ngakhale tikamatsuka mbale. Mayeso a teremu akatha tidzaona.