Ku Kabwe Phiri Lili Kunsi kwa Mapazi

Munthu wochokera ku Lusaka akayenda makilomita pafupifupi 140 chakumpoto, amalowa m'tauni ya Kabwe asanaone phiri looneka ndi maso. Dziko lake lili see, ngati mphasa yoyala. Nchifukwa chake mayi wina wogulitsa nthochi pafupi ndi Mkuyu Waukulu anaseka pamene anationa titabereka zikwama, mabulangete ndi zigubu za madzi, tikunena kuti tikupita kumapiri. "Abambo inu," anatero, "kodi ana awa mukukawakweza chulu?"

Kuseka kwake kunali ndi mutu. Timapiri timene tinalipo kuno tinadyedwa ndi mgodi. M'chaka cha 1902 mzungu wina wofufuza miyala, T. G. Davey, anapeza mtovu ndi zinki pa timapiri timeneto, natcha malowo Broken Hill potengera mgodi wa ku Australia. M'phanga la kaphiri kamodzi ndimo anthu okumba miyala anapeza chibade cha munthu wamakedzana mu 1921, chimene chili ku London mpaka lero. Kaphiriko anakagumula konse, pamalo pake nkutsala dzenje. Phiri limene ana a ku Kasanda ndi ku Makululu akulidziwa bwino ndi Black Mountain, chimulu cha zotsalira za mgodi umene unatsekedwa mu 1994. Fumbi lake lili ndi mtovu, ndipo mtovu ukalowa m'magazi a mwana umafooketsa ubongo, mwana nayamba kuvutika m'kalasi makolo osadziwa chifukwa. Ife akuluakulu atatu tinatenga achinyamata athu asanu pofuna kuti akaone kuti dziko lawo lili ndi mapiri ena amene sadwalitsa.

Tinayambira pa Mkuyu dala. Njanji inafika kuno mu 1906, ndipo kwa zaka zingapo sitima inkathera pompano. Katundu wopita kumpoto ndi kum'mawa ankayenda pamitu ya anthu amtengatenga, ndipo pansi pa mtengo umenewu apaulendo ankasonkhana asananyamuke. Lero kubereka chikwama kumatchedwa masewera a alendo akunja, koma agogo athu ankayenda masabata athunthu ndi mitolo imene ifeyo sitingainyamule nkomwe, ndipo palibe amene anawajambula chithunzi chowatama.

Galimoto inatitenga pa msewu wafumbi wolowera kum'mawa, cha ku Old Mkushi. Za msewuwo tisanene zambiri. Amene ali ndi msana wovuta asauyese, ndipo nyengo ya dzinja ndi bwino kungousiya. Chimene chinatiwawa mtima ndi matumba a makala ondanda m'mbali mwa njira, ndi zitsa zakuda pamene kale panali nkhalango. Titafika pamudzi womaliza, tinakaonekera kwa anyakwawa monga mwa mwambo, ndipo anatipatsa mkulu wina wofula njuchi kuti atitsogolere. Mkuluyo anayang'ana zigubu zathu, napukusa mutu. "Ana anga, madzi awa ndi ochepa." Tinamuyankha mwanzeru za m'tauni kuti kumene tikupita kuli mitsinje iwiri. Iye sanatsutse. Anangotunga madzi m'chigubu chake chachikulu, nachimangirira ndi luzi kumsana.

Tinayenda m'mwezi wa Ogasiti, pamene mitengo ya miombo imayamba kuphuka masamba ofiira ngati yathiridwa magazi, udzu utapsa kale, njira zikuoneka. Nkhalango yotere imanyenga. Mtengo uliwonse umafanana ndi unzake, ndipo tinjira ta nyama ndi ta anthu otchera misampha timapingasana mosokoneza mutu. Mkulu uja ankayenda pang'onopang'ono, mosasintha liwiro, pamene anyamata athu ankathamangira kutsogolo ndi kukhala pansi kudikira. Pofika masana, amene ankadikira anali iyeyo. Anationetsa mitengo ya masuku imene zipatso zake zinali zisanapse, ndi mphako imene anafulamo uchi chaka chatha nasiyamo malesa ena kuti njuchi zisathawe. Mbalame ya nsadzu italira patsogolo pathu, iye anaiyankha ndi likhweru, nkuipepesa kuti lero ali ndi alendo.

Usiku tinagona pamoto, atsikana mbali ina, anyamata mbali ina. Nsima ya m'tchire, ndiwo zake kapenta wouma, inakoma kuposa ya paukwati. Kuzizira kwa m'bandakucha kunatidzutsa tambala asanaganize zolira, ndipo apa mpamene tinaona kuti kuphika ndi kutsuka mbale kwatimalizira madzi oposa theka.

Dzuwa litakwera, mitengo inangotha mwadzidzidzi, ndipo dziko linatseguka kunsi kwa mapazi athu. Tinali pa Bell Point, pamwamba pa chigwembe chimene amachitcha Wonder Gorge. Pano mtsinje wa Mkushi ukumana ndi wa Lunsemfwa, ndipo madzi adula mapiri a Muchinga mozama pafupifupi mamita 300. Tsono chinsinsi cha dziko la Kabwe chinaululika: ife timakhala pamwamba pa phiri osadziwa. Chidikha chimene timachiyesa mphasa chija ndi denga, ndipo m'mphepete mwake chimagwera ku chigwa cha Luano, kumene Lunsemfwa amapitirira ulendo wake wokathira mu Luangwa. Ziwombankhanga zinkauluka kunsi kwathu, ife tikuziona pamsana. Anyani ankakuwa m'matanthwe a tsidya lina. Mtsikana wamng'ono pa onse, amene njira yonse ankadandaula za matuza a kumapazi, anakhala pamwala osayankhula kanthu kwa nthawi yaitali.

Ludzu ndilo linatibweza m'maganizo. Mitsinje iwiri ija tinkaiona bwinobwino, ikunyezimira ngati ulusi wasiliva, koma pakati pa ife ndi iyo panali phompho. Mnyamata wina anati atsike ndi zigubu. Mkulu uja anamugwira dzanja: "Mwana wanga, kutsika ungatsike, koma miyala iyi ndi yogumuka, ndipo ukathyoka mwendo kumeneko tidzakutulutsa ndi chiyani?" Anamasula chigubu chake, natigawira ndi chivindikiro, ana poyamba, ife pambuyo, iye pomalizira. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu. Ife tinachita kuuzidwa, koma phulalo tinadyabe. Amene akufuna kutsata mapazi athu asadalire madzi oona ndi maso, asapite popanda mwini dera, ndipo aonetsetse kuti kunyumba akudziwa tsiku lobwerera.

Ulendo wobwerera unali wachete. Madzi otsala tinkangonyowetsa nawo kukhosi, ndipo pamene tinaona madenga a mudzi uja, ngakhale akuluakulufe tinaiwala ulemu nkuthamangira pachitsime.

Tinalowa m'Kabwe tsiku lachitatu madzulo, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Mayi wa nthochi uja anali akulongedza malonda ake. "Nanga chulu chija mwachipeza?" Mtsikana wa matuza uja anagwada pang'ono, nayankha: "Tachipeza, amayi, koma ndi chozondoka." Mayiyo anaseka mpaka misozi, namupatsa nthochi ziwiri zaulere.