Njanji yomwe anaizula okha

Abale anga kumudziko, kuno ku Scotland anthu akubwezeretsa njanji zomwe anazula okha. Tauni yomwe ndimakhala, Galashiels, inatsala yopanda sitima mu 1969, boma litatseka njanji zambiri potsatira lipoti la Beeching la mu 1963. Nthawi imeneyo ankati tsogolo ndi galimoto. Kwa zaka zoposa 40, wofuna kupita ku Edinburgh ankalimbana ndi msewu wokhotakhota wa A7, mpaka mu September 2015 pomwe anatsegulanso njanji yotchedwa Borders Railway, ya makilomita pafupifupi 50. Komwe imathera, ku Tweedbank, kuli bwalo lomwe amati "park and ride": munthu amasiya galimoto yake pamenepo, n'kukwera sitima, ola limodzi wafika mumzinda.

Nzeru imeneyi ndimaivulira chipewa. M'nyengo yozizira kuno kumada 4 koloko isanakwane, msewu umaterera ndi madzi oundana, ndipo nyengo ya mitambo ndi kamvula kowaza yomwe eni ake amati "dreich" ili ngati chiperoni cha ku Thyolo, koma chosadziwa kuleka. Ndani angafune kugwira chiwongolero tsiku lotere? M'sitima muli motentha, mipando yofewa.

Koma muli zii, abale. Anthu anawatulutsa m'magalimoto, komabe aliyense amakhala ngati akadali m'galimoto yake, maso pa foni, makutu otseka. Ukapereka moni amamwetulira pang'ono n'kuyang'ana pawindo, pomwe pakudutsa nkhosa ndi mapiri opanda munthu. Nkhomaliro ndi "meal deal", kutanthauza buledi wozizira wa m'kapepala, timbatata touma ndi chakumwa, ndipo munthu amadya yekha osati n'komwe "tiyeni tidye".

Pamenepo mtima umathawira ku sitima yathu yochokera ku Limbe, yodutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde kupita ku Nayuchi. Imachedwa, inde, mipando yake ndi yolimba. Koma ikangoima, amayi amathamangira m'mawindo ndi malichero a nthochi, chinangwa chophika, mzimbe woduladula, nsomba zokazinga zikadali zotentha. Ndalama imatsika, chakudya chimakwera, sitima yayamba kale kuyenda wogulitsa akuthamangabe ndi chenji. Gogo wina amakupatsa mdzukulu kuti umugwirire, ndipo pofika pa Liwonde wadziwa kale mudzi wake, mfumu yake ndi maliro omwe akupitako.

N'chifukwa chake zimandiwawa mukamandiuza pa WhatsApp zogona pamzere wa mafuta, kapena zothithikana m'minibasi ndi matumba a chimanga pamiyendo. Njanji tili nazo, ndipo anthu odziwa kuyenda pamodzi ndi ifeyo. Njanji ya pa Chiromo inakokoloka ndi madzi mu 1997, ndipo ana obadwa chaka chimenecho akula, ena ali ndi mabanja, osakwerapo sitima yochoka ku Limbe kukafika ku Nsanje. Anthu a ku Galashiels sanatope kupempha yawo mpaka inabwera. Inunso aphungu akamabwera kumisonkhano, muziwafunsa za njanji.