Chithunzi cha Makomo Aŵiri

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Ndiloleni ndikuuzeni za mbale wanga, mwana wa amayi aakulu, amene dzina lake sinditchula.

Atabadwa, azamba adati ndi mtsikana, ndipo ine ndidakula ndikumutcha mlongo wanga. Koma atafika zaka 14, pamene anzake ankaloŵa m'tsimba, iye mawu adayamba kukula, tindevu n'kumera. M'mudzi mudabuka manong'onong'o akuti walodzedwa. Madokotala a ku Lilongwe atamupima adati si ufiti ayi: alipo ana ena amene amabadwa ndi ziŵalo zosadziŵika bwino ngati n'zachimuna kapena zachikazi, ndipo thupi limadzaulula pakutha msinkhu. Adamupatsa uphungu ndi mankhwala, iye n'kusankha kukhala mnyamata. Tsono ine ndiyenera kunena kuti mkulu wanga, osatinso mlongo wanga. Lilime limaterera mpaka lero.

Anyamata a kumsika amamutcha Tiwonge pomunyoza. Amanena za Tiwonge Chimbalanga, amene ankati iye ndi mkazi, uja adagamulidwa zaka 14 ku Blantyre mu 2010, Pulezidenti Bingu wa Mutharika n'kumukhululukira. Nkhani ziŵirizi n'zosiyana, koma wonyoza sasiyanitsa.

Chaka chatha, m'chisanu cha kuno ku Dedza, mkulu wangayo adadwala chibayo. Pa chipatala china anamwino adasoŵa pogwira. Kabuku kake kadalembedwa kuti wamkazi, pomwe nkhope ndi yachimuna. Ku wodi ya amayi odwazika matenda adamukana, ku wodi ya abambo adamuseka. Adakhala pakhonde mpaka madzulo, ali njenjenje. Ine ndidali pomwepo. Bambo wina adandifunsa kuti, “Kodi ameneyu ndi mbale wako?” Ndidayankha kuti, “Iyayi, ndangomuperekeza.” Tambala sadalire, koma mumtima ndidakumbuka Petro.

Atachira adatenga makala n'kujambula pa katoni makomo aŵiri otseka. Pakati pake padali munthu wovala buluku, wofunda chitenje, kabuku kali m'manja. Chapambali padali kamnyamata kopenya kwina.

“Nanga uyu ndani, akulu?” ndidafunsa.

“Wangondiperekeza,” adatero akumwetulira. Ndidazyolika.

Makolo athu ankaphunzitsa za thupi kudzera m'zojambula. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene bungwe la UNESCO lidaŵaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina mwa zithunzi zoyerazo adajambula ndi amayi polangiza anamwali. Ku Mua, pa KuNgoni pamene adayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, ndidaonako chigoba cha Maliya, chachikazi ndithu, chikhalirecho kudambwe kumaloŵa amuna okha. Komabe tsimba ndi la atsikana, dambwe ndi la anyamata, monga momwe alili mawodi aja. Mkulu wanga sadapeze chithunzi chake paliponse, n'chifukwa chake adadzijambula yekha.

Mafunso akuluakulu a chiphunzitso ndikusiyira Abambo ansembe amene adaphunzira kuposa ine. Changa n'chochepa: munthu wodwala asagone pakhonde chifukwa choti kabuku ndi nkhope zasemphana. Anzanga a pa seminale, tsiku lina munthu wotere adzagogoda pa khomo la parishi, ndipo wotsekula adzakhala mmodzi wa ife. Makolo, mwana wotere akabadwa pakhomo panu, pitani naye ku chipatala, musamubise kuchipinda.

Katoni uja adandipatsa, ndipo ali pansi pa zovala m'sutikesi mwanga. Tchuthi chikubwerachi ndidzapita naye kumudzi, ndikapemphe mkulu wanga kuti afufute mutu wa kamnyamata kaja, aujambulenso ukupenya kwa iye.